Nyumba yanga ili pa matayala: chaka ndi miyezi iwiri ndikugona mu Prado ya malemu bambo

Akalipentala aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tepi yoyezera ili m'manja.

"Ndiye mwati tikuyezeni inuyo, achemwali?"

"Eya, mundiyeze ineyo. Ndikufuna bedi loti ndizikwanapo, lolowa kumbuyo kwa galimotoyi."

Anaseka mpaka kugwira mawondo. Kumeneku kunali ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, komwe mipando, makabati ndi mabokosi a maliro zimakhomedwa moyandikana m'mbali mwa msewu. "Anthu ndawayeza ambiri pa ntchito inoyi," anatero atapezako mpweya, "koma wobwera yekha ndi miyendo yake kudzayezetsa, woyamba ndinu."

Ndinagona chagada pomwe panali mipando yakumbuyo, iwo n'kutambasula tepi. Masentimita 163. Anawonjezerapo 12 kuti mutu usamagunde mpando wakutsogolo. Anyamata awo anasiya kupala matabwa n'kudzaunjikana pachitseko, wina akujambula pa foni. Manyazi anandigwira, koma ndinali nditalipira kale theka la ndalama ya matabwa, ndiye kubwerera kunalibe.

Izi zinachitika mu Epulo 2024. Mwezi wotsatira ndinabweza makiyi kwa alandilodi, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yanga ndi Toyota Land Cruiser Prado ya 1998 yomwe anasiya malemu bambo anga. Ndimagona momwemo, ndimalembera momwemo, zovala ndi ndiwo zanga zimakhala momwemo. Aliyense amene wamva amafunsa zinthu zitatu: umasamba kuti, suchita mantha, nanga mayi ako anati chiyani? Ndiyankha zonsezi, ndipo kwa amene akulingalira zoyesa, ndifotokozanso momwe tinayikonzera galimotoyi ndi pomwe ndinalakwitsa.

Lendi ya nyumba yosagonamo

Ntchito yanga ndi yolemba. Nditamaliza maphunziro a ku yunivesite ku Zomba ndinaponya makalata ofunsira ntchito chaka chathunthu osayankhidwa, kenaka ndinayamba kulembera mabungwe nkhani za m'maboma: alimi a mpunga ku Karonga, asodzi ku Mangochi, amayi a banki mkhonde ku Ntchisi. Amandilipira nkhani ikatha, ndipo kuti nkhani ithe ndimayenera kukafika komwe kuli anthuwo.

Ndinkachita lendi kanyumba ka chipinda chimodzi ku Area 25. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 44 peresenti, lendi inakwera, patangotha miyezi itatu inakweranso. Alandilodi sindiwada ayi, nawonso simenti ndi fizi ya ana zinawakwerera. Koma tsiku lina ndinatenga kalendala n'kuwerenga masiku omwe ndinagona m'nyumbamo. Pa miyezi itatu anakwana 26 okha. Masiku ena onsewo ndinkalipira malo ogona alendo m'maboma, kwinaku lendi ikuwerengabe ku Lilongwe. Ndinkalipira madenga awiri, chonsecho mutu ndili nawo umodzi.

Pa nthawiyo Prado ya bambo inali itaima pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Mponela kuyambira pomwe anatisiya mu 2022. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Amalume anali atapeza kale munthu wofuna kuyigula pamtengo wozizira.

Maganizo ogona m'galimoto sindinawatole pamsewu. Monga achinyamata ambiri, ndinkaonera pa Instagram ndi YouTube anthu a ku America ndi ku Ulaya akumwa khofi pachitseko cha galimoto, kutsogolo kwawo kuli phiri. Mawu akuti vanlife anawatchukitsa Foster Huntington, mnyamata yemwe mu 2011 anasiya ntchito ku New York n'kuyamba kukhala mu Volkswagen yake. Zithunzizo n'zokongola, koma zimabisa zambiri. Kanema wa Nomadland wa mu 2020, wochokera pa buku la mtolankhani Jessica Bruder, amaonetsa mbali inayo: anthu achikulire omwe mavuto a zachuma a mu 2008 anawalanda ntchito ndi nyumba, n'kumakhala m'magalimoto akusaka maganyu dera ndi dera. Ena amasankha moyo umenewu, ena amakankhidwira. Ine ndinali pakati pa awiriwa.

Kuno kwathu anthu ogona m'galimoto tinawazolowera kale, kungoti sitiwatchula dzina. Ku Cape Maclear ndi ku Chitimba mumapeza alendo a ma Land Cruiser okhala ndi tenti padenga, ena achokera ku South Africa akulowera ku Tanzania. Pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe madalaivala a mathiraki amatha masiku akuphika nsima pambali pa tayala. Aphunzitsi anga oyamba anali amenewa. Mmodzi wa iwo ndiye anandiuza kuti: "Mlongo, m'galimoto chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake. Chikasowa malo, chimenecho si chako."

"Anthu kutchalitchi azinena kuti chiyani?"

Amayi ndinawauza Lamulungu masana titadya. Anasiya kutsuka mbale.

"Iwe, ndakuphunzitsa mpaka ku yunivesite kuti uzikagona m'galimoto ngati thumba la chimanga? Mwana wamkazi? Anthu kutchalitchi azinena kuti chiyani?"

Ndinayesa kuwaonetsa masamu anga pa pepala, koma sanayang'aneko. Ndikaganiza lero, chomwe chinkawawawa kwambiri sichinali chitetezo changa chokha. Kwathu munthu wophunzira amadziwika ndi nyumba: pabalaza pali masofa, alendo ochokera kumudzi ali ndi pogona. Mwana wopanda khomo amaoneka ngati makolo ake analephera.

Amalume ndi amene anagamula, monga mwa mwambo. Anayizungulira galimoto kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi. "Mphwanga, walira mvula walira matope. Ngati ukuyifuna uyitenge ndi matenda ake omwe. Ikadzakufera panjira usadzatiimbire ukulira." Amayi analowa m'nyumba. Tsiku lomwe ndinanyamuka sanatuluke kudzanditsanzika, ndipo kwa miyezi isanu ndi inayi sanasuzumireko n'komwe m'kati mwake.

Bedi, madilowa ndi sikelo ya chimanga

Ndisanagule thabwa ngakhale limodzi ndinayamba ndapita nayo kwa amakaniko, ndipo aliyense ayambire pomwepo. Injini ya Prado imeneyi ndi ya dizilo, 1KZ-TE, yolimba koma yodana ndi kutentha; ikawira, mutu wake umang'aluka. Tinasintha lamba wa timing, yemwe amafunika kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, komanso mabuleki, mafuta a injini ndi matayala awiri. Redieta anandiuza kuti yatopa. Ndinati idikire kaye, ndalama zikuchepa. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Tinachotsa mipando yapakati ndi iwiri yakumbuyo yopindikira m'mbali. Ndinayisunga kwa amayi, mabawuti ake ali m'chitini, kuti ikadzafunika ibwerere. A inshuwaransi ndinawauza zomwe ndasintha, ndipo COF ndimaonetsetsa kuti isathe. Kumbuyoko sindikwezako munthu galimoto ikamayenda, chifukwa pa bedi palibe lamba.

Bedi loyamba linali lolakwika. Tinalipanga lodzaza m'lifupi monse ndiponso lokwera masentimita 40 kuti pansi pake palowe katundu wambiri. Usiku woyamba ndinadzuka n'kugunda mutu kudenga, ndipo sindikanatha kukhala tsonga kuti ndivale. Akalipentala aja anaseka kachiwiri: "Tinanena ife kuti ndi bokosi." Tinaphwasula. Lomwe ndili nalo pano ndi lalitali masentimita 175, m'lifupi 75, ndipo lakwera 25 okha. Lili mbali imodzi. Mbali inayo kuli firiji yaing'ono, zigubu za madzi ndi kampata koponda mapazi ndikakhala pabedipo ndi laputopu.

Pamwamba pake ndi pulayiwudi ya mamilimita 12, mapazi ake ndi a paini. Tinalimanga ndi mabawuti m'mabowo momwe munali mipando, chifukwa chinthu chongosanjika chimasanduka mwala wouluka ukaponda buleki mwadzidzidzi. Pansi pake pali madilowa awiri okokera kumbuyo: lina la zovala, lina la mapoto, ufa, mchere ndi mafuta ophikira. Chitseko chakumbuyo cha Prado chimatsegukira chammbali, ndiye tinakhomapo kathebulo kopinda. Pamenepo ndiye pakhitchini.

Chomwe anthu ambiri amaiwala ndi kulemera. Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu yemwe ingasenze, ndipo malirewo amawerengera iwe mwini, mafuta ndi tayala lapadera lomwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye zigubu ziwiri za malita 20 ndi makilogalamu 40 kale. Batire lachiwiri limayandikira makilogalamu 30. Ine ndinabwereka sikelo ya ogula chimanga n'kuyeza chilichonse chisanalowe. Zolemera zonse zimakhala pansi, pakati pa matayala. Padenga pali sola yokha, chifukwa galimoto yaitali ngati imeneyi ikalemera kumwamba imapendama pokhota, ndipo amene anatsikapo msewu wa Golomoti akudziwa kuti kumeneko sikoyeserako.

Zomwe sizinakwane ndinagawa. Madiresi a ukwati wa anzanga, nsapato zazitali, mabuku a ku yunivesite, ketulo ya magetsi. Ndinalira pa mabuku pokha.

Fungo la waya wopsa

Kwa munthu wolemba, magetsi ndiye khasu. Laputopu ikazima ndiye kuti sindidya. Choncho ndinayikitsa batire lachiwiri la 100Ah, loyendetsa firiji, laputopu, foni, nyale ndi kafani, kuti batire lolizira injini lisakhudzidwe.

Masamu ake ndi awa. Batire la 100Ah pa mavoti 12 limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma la mtovu ngati langali suyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Zogwiritsa ntchito zimatsala 600Wh. Nyengo yotentha firiji yanga imadya cha m'ma 400Wh pa tsiku, laputopu 200Wh ndikalemba maola anayi, zina zonse 100Wh. Mukuona nokha kuti batire palokha silikwanitsa. Sola ya mawati 150 imabweza pafupifupi 500Wh dzuwa likawala bwino, ndipo injini imatchajanso ndikamayenda. Kukachita mitambo masiku awiri ndili malo amodzi, firiji ndimayizimitsa usiku n'kudya zosawonongeka: usipa wouma, soya, mtedza, mazira. Mabatire a lithium ndi opepuka ndipo umatha kuwakama kwambiri, koma mtengo wake thumba langa silinafikepo.

Woyamba kundilumikizira mawaya anali mnyamata wina wotchipa yemwe mnzanga anandilozera. Anakoka waya wowonda kuchoka ku batire lakutsogolo mpaka kumbuyo, osayika fyuzi, n'kumudutsitsa pabowo la chitsulo popanda labala yotchinga. Patatha milungu itatu, ndili pa msewu wafumbi wa mabampu, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Waya uja anali atakhulika pachitsulo mpaka kusupuka. Utsi unayamba kutuluka pansi pa kapeti, pafupi ndi bedi la matabwa ndi matiresi a siponji. Ndinaima, ndinatsegula boneti manja akunjenjemera, n'kumasula batire ndi sipanala ya nambala 10. Ndikanachedwa mphindi ziwiri, nyumba, ofesi ndi chikumbutso chomaliza cha bambo anga zikanapsa limodzi.

Amisiri achiwiri anachita zoyenera: waya wonenepa, fyuzi pafupi ndi batire lililonse, labala paliponse pomwe waya akudutsa pachitsulo, komanso kachipangizo kolekanitsa mabatire awiriwo injini ikazima. Ndinagulanso chozimitsira moto, chomwe chimakhala pomwe dzanja lingafike ndili chigonere. Pa magetsi musatchipe, abale.

Mpweya, udzudzu ndi madzi

Mu Juni ndinagona ku Dedza, komwe kuzizira kwake sikusowa kufotokoza. Ndinatseka mawindo onse. M'mawa ndinapeza magalasi akuchucha madzi m'kati, bulangete lanyowa, denga likudontha. Madziwo anali mpweya wanga womwe. Patatha masabata awiri pansi pa matiresi panamera nkhungu. Mankhwala ake ndi osavuta: kuboola mabowo ambiri pa pulayiwudi, kuyanika matiresi padzuwa kawirikawiri, ndi kusiya mawindo awiri otsegula pang'ono usiku uliwonse ngakhale kuzizire bwanji.

Usiku umenewo maganizo olowetsa mbaula anandibwerera, ndipo ndikuthokoza kuti sindinawamvere. Makala, gasi ngakhalenso injini yosiyidwa ikulira zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Malo otsekeka munthu amangogona tulo osadzukanso. Ine ndimaphika panja nthawi zonse, pa kathebulo kaja, ndipo silinda ya gasi ndimayitseka ndisanayilowetse. Mvula ikamagwa ndimamanga lona pachitseko.

Mawindo otsegula amaitana udzudzu. Ku Senga Bay mu Okutobala ndinaphunzira kuti udzudzu umodzi m'galimoto umalira ngati ndege. Ndinadula masikito akale n'kusokerera timaginito m'mphepete, moti amamatirira pachitsulo kunja kwa windo. Ngakhale zili choncho malungo anandigwirapo kamodzi, ndipo kudwala uli wekha m'galimoto n'kowawa kuposa m'nyumba. Palibe wokupatsa madzi. Tsopano thupi likangotentha ndimathamangira kukayezetsa tsiku lomwelo. Kutentha nako ndi mdani. Galimoto yotseka ikakhala padzuwa imasanduka uvuni, n'chifukwa chake masana ndimalemba pansi pa mtengo, ndipo makolo musayerekeze kusiya mwana m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Madzi ndimatunga pa mjigo kapena pampopi pomwe ndapempha, akumwa ndimathiramo klorini. Malita 40 amanditengera masiku anayi ndikasamala. Kunyanja anthu amati ndili pabwino, bafa lili pakhomo, koma madzi a m'mphepete mwa nyanja m'malo ena ali ndi likodzo, choncho sindisamba paliponse. Za usiku ndili ndi kandowa kovundikira, osati nkhani yonyadira koma ndi zoona zake. Nanga kusamba kwenikweni? Yankho lake ndinalipeza usiku womwe ndinachita mantha kwambiri.

Kugogoda pa windo

Munali mu Ogasiti, ndikuchokera ku Nkhata Bay kulowera ku Salima pa msewu wa M5. Dzuwa linandilowera panjira. Ndinapatuka n'kuima pansi pa mtengo waukulu pafupi ndi bwalo la sukulu ina, ndinatseka makatani a mapepala omwe ndinali nawo, n'kugona. Sindinapereke moni kwa aliyense. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuvutitsa munthu, palibenso wondivutitsa.

Cha m'ma 11 koloko ndinadzidzimuka ndi kugogoda. Matochi anali atazungulira galimoto. Ndinasuzumira n'kuona amuna oposa khumi, ena atanyamula zibonga.

"Muli m'katimo tulukani! Ndinu ndani? Mukufuna chiyani pasukulu ya ana athu usiku uno?"

Nthawi yomweyo ndinakumbukira za mu 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo galimoto yachilendo inkangofunika kuoneka pamudzi kuti igendedwe. Mtima unagunda kukhosi. Makiyi anali m'chikwama, chikwama chili pansi pa zovala, ndipo pampando wa dalaivala ndinali nditaunjikapo mapoto. Ngakhale ndikanafuna kuthawa sindikanatha.

Ndinayatsa nyale ya m'kati kuti andione, n'kutsitsa galasi pang'ono. "Pepani abambo, ndine mlendo, dzuwa linandilowera. Ndili ndekha." Atamva mawu a mkazi phokoso linatsika. Anali a chitetezo cha m'mudzi. Mwana wina anaona galimoto ya makatani itaima mumdima n'kukauza makolo ake. Anandiperekeza kwa afumu, ine ndikuyendetsa pang'onopang'ono, iwo akuyenda patsogolo.

Afumuwo anatuluka atafunda bulangete, anaona chitupa changa, anasuzumira pabedi paja, kenaka anapukusa mutu. "Mwana wanga, pamudzi safikapo ngati mphepo. Ukanabwera kudzapereka moni, bwenzi titakupatsa malo pabwalo pano, anthuwa ali m'tulo. Safunsa anadya phula."

"Ndalakwa afumu, mundikhululukire."

Ndinagona pabwalo pawo. M'mawa akazi awo anandigogodera, ulendo uno mofatsa: "Amayi, madzi ali kubafa." Anali ofunda, atayika ndi sopo pamwala.

Wolakwa usiku umenewo ndinali ine. Anthu aja ankateteza ana awo. Kuyambira pamenepo ndili ndi malamulo omwe sindiphwanya. Ndimafika pogona dzuwa lisanalowe. Ndimayamba ndaonekera kwa mfumu, abusa, ansembe, aphunzitsi aakulu kapena apolisi a m'deralo, ndipo ndimanena dzina langa, kwathu ndi tsiku lonyamuka. Ndikakhala m'tauni kapena kunyanja ndimalipira malo a kampu okhala ndi mpanda ndi mlonda. Galimoto imayang'ana kotulukira, makiyi amakhala pa msomali umodzi womwewo, ndipo pampando wa dalaivala sipakhala kanthu. Madzulo aliwonse ndimatumizira achimwene anga pa WhatsApp malo omwe ndili.

Ndiye mukandifunsa kuti ndimasamba kuti, yankho ndi lakuti m'mabafa a anthu. Pa zithunzi za pa Instagram zija munthu amaoneka ali yekha ndi phiri, ngati sasowa wina aliyense. Ine chiyambireni sindinadalirepo anthu ngati momwe ndikuwadalira pano. Madzi ndi a mjigo wa mudzi wina, bwalo ndi la munthu wina, mthunzi ndi wa mtengo womwe anadzala wina. Ndimayesetsa kusachoka chimanjamanja: paketi ya shuga, kutchajira anthu mafoni pa sola yanga, kuthandiza mwana wa Fomu 4 kulemba kalata.

Matope aja anafika

Chakumapeto kwa 2024 mafuta atasowa m'dziko muno, ndinakhala pa mzere wa dizilo masiku awiri. Kunena zoona, pamzere wonsewo wogona bwino ndinali ine. Anzanga akupinda makosi pa chiwongolero, ine ndili pabedi, m'mawa n'kuwawiritsira tiyi. Koma kuseka kunatha nditazindikira kuti popanda dizilo sindingapite kuntchito, sindingasamuke pamalo pomwe sipakundisangalatsa, ndipo batire likudalira dzuwa lokha. Prado yanga imayenda makilomita 8 pa lita. Ndinaphunzira kukhala malo amodzi sabata yathunthu, n'kumayendera nkhani zapafupi pa kabaza.

Kenaka mu Febuluwale 2025, ndikukwera Chiweta kuchokera ku Karonga, muvi wa kutentha unakwera mpaka pofiira. Redieta ija ndinati idikire inali itatopa kudikira. Pomwe ndinkapeza poima, mutu wa injini unali utang'aluka kale. Munthu wa nyumba ya lendi galimoto yake ikafa amakwera minibasi n'kukagona kwawo. Ine tsiku limenelo ndinataya mayendedwe, ofesi ndi pogona nthawi imodzi. Galimoto inakokedwa mpaka ku Mzuzu, ndipo ndalama yomwe ndinasunga miyezi isanu inathera pamenepo.

Amalume sindinawaimbire. Ndinakwera basi ndi kachikwama kamodzi, n'kukatsika pa Mponela usiku. Amayi atatsegula chitseko anandiyang'ana, osanena kalikonse za galimoto. Anangoti, "Wadya?"

Ndinakhala nawo masiku asanu ndi anayi.

Ngati mukufuna masamu onse, ndi awa. Lendi ndi malo ogona alendo zinachoka, koma m'malo mwake munalowa dizilo, ndalama ya kampu, gasi ndi zokonzetsa. Mwezi wabwino ndimasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe ndinkawononga kale. Mwezi woipa mwauona. Moyo umenewu ukundiyenera chifukwa ntchito yanga ndi yoyenda, ndilibe mwana, ndipo galimoto sindinagule. Wogwira ntchito ya mu ofesi m'tauni, wa banja, kapena wopanda ndalama yapadera yokonzetsera injini, ndingamulangize kuti ayambe wayesa sabata imodzi, mipando ili momwemo, asanabweze makiyi a nyumba ya mwini.

Makatani

Prado itatuluka ku galaja ndinadutsa nayo kwathu. Ndinayimika pansi pa mango paja n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi. Potuluka ndinapeza chitseko chakumbuyo chili chotsegula, amayi atakhala pabedi, mapazi ali m'kampata kaja. Anali atatsegula kabokosi kakutsogolo n'kupeza chipewa cha bambo, chomwe sindinachichotsemo chiyambire. Anachigwira nthawi yaitali.

Kenaka anayamba kufufuza ngati nesi wa pa wodi. Anakoka madilowa, ananunkhiza matiresi, anatsegula firiji.

"Mchere ukusunga m'pepala? Ulowa chinyezi. Nanga izi n'chiyani?"

"Makatani, amayi."

"Makatani a makatoni? Iwe, usandichititse manyazi."

Anatenga chingwe n'kuyeza windo lililonse, akumanga mfundo. Usiku umenewo makina awo osokera analira mpaka mochedwa. M'mawa ndinapeza makatani asanu ndi limodzi a chitenje chobiriwira chomwe bambo anawagulira kalekale, m'kati atayikamo nsalu yakuda kuti kuwala kusatuluke. Pamwamba pake panali botolo la mchere lotseka bwino.

Sanandiuze kuti avomera, ndipo sindikuganiza kuti avomera. Anangopereka lamulo limodzi: Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse galimoto izipezeka pansi pa mango, ine ndili pa benchi ya kutchalitchi pambali pawo. Ndakhala ndikusunga lamuloli, ngakhale dizilo avute bwanji.

Mwezi watha titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anawafunsa kuti, "Kodi mtsikana wanuyu akukhala kuti masiku ano?"

Amayi anakonza duku lawo, n'kuyankha osaphethira: "Ali ku field."